Chilengezo kwa mamembala onse: msonkhano wapachaka uchitikanso Loweruka

Mamembala okondedwa,

Msonkhano wathu wapachaka wa Loweruka lapitali sunachitike. Tinadikira mpaka masana, koma amene anasaina m'kaundula sanakwane. Malamulo a kopaletivi yathu amanena momveka bwino kuti pamsonkhano waukulu pamafunika theka la mamembala olipira masheya, kuwonjezerapo mmodzi, kuti zimene tagwirizana zikhale ndi mphamvu. Tikanavota ndi anthu ochepa aja, aliyense akanatha kudzatsutsa pambuyo pake, ndipo sitikanamuyankha kanthu.

Zimene zaima n'zazikulu ndithu: lipoti la ndalama, kugawana phindu komanso kusankha komiti yatsopano. Popanda chilolezo cha msonkhano, msungichuma sangatulutse ngakhale tambala ya phindu, chonsecho ambiri a inu mukuyembekezera ndalamazi kuti mulipire fizi.

Tikumananso Loweruka likubwerali, 9 koloko m'mawa, pa holo yomwe ija ku Katoto. A ku Chibavi, Luwinga ndi Mchengautuwa, chonde lawirani, ndipo mvula isatitsekereze, tengani maambulera. Uthenga wa pa WhatsApp suwerengedwa ngati kuti mwabwera, komanso mwana kapena mnansi sangakusainireni. Amene simunamalize kulipira masheya, mulipire pofika Lachinayi kuti muwerengedwe.

Ine,
Mlembi wa komiti