Kwa a Khansala a dera lathu ku Alexandra, Johannesburg: za kamlatho ka pa Jukskei

Olemekezeka a Khansala,

Ndakupatsani moni. Makalata atatu ndinalemba m'Chingerezi n'kukasiya ku ofesi kwanu ndi manja angawa. Ulendo wachitatu anandidindira chidindo papepala langa, umboni woti kalatayo yalandiridwa, koma yankho lake mpaka lero kuli zii. Inoyi ndalemba m'Chichewa, poyera, kuti abale anga a ku Malawi amene tili nawo kuno ku Alex adziwe chimene ndakhala ndikupempha. Mwana wanga wamkulu aimasulira m'Chizulu ndi m'Chingerezi, ndipo ikupezani.

Nkhani ndi ya kamlatho ka oyenda pansi kamene ife a kutsidya la kum'mawa timawolokera mtsinje wa Jukskei. Mukukadziwa, chifukwa munaima pomwepo pa nthawi ya kampeni.

Achemwali anga agwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton zaka zisanu ndi zinayi, pakhomo limodzi. Ankadzuka 4 koloko, kusamba, n'kuuyamba kusanache. Ankayenda pansi mwadala, poti ndalama ya takisi ya mwezi wonse ndiyo inkalipira fizi ya mwana wawo wotsiriza ku Dedza. Mu February, usiku wina, kuno kunangowaza, koma kutawuni inagwa ya matalala. Mtsinje unadzaza tili mtulo, unakwera pamwamba pa kamlathoko, n'kuphwera usiku womwewo, kusiya thope, mapepala ndi matewera. Getsi la pamenepo linazima kalekale. Zitsulo zogwirira za mbali imodzi anazula ogulitsa zitsulo zakale, ndipo zimenezi ndinazitchula m'kalata yanga yoyamba. Achemwali anaponda thope mumdima, anatambasula dzanja kuti agwire chitsulo, n'kupeza palibe. Anakagwera pamiyala m'munsi.

Ine anandidzutsa ndi mnyamata wa konkuno, Mpedi, yemwe sindinkamudziwa n'komwe. Iye ndi anzake awiri ndiwo anatsikira m'madzi onunkhawo n'kuwatulutsa. Ambulasi siingafike kumtsinje, njira zake n'zothinana, ndiye tinawanyamula pabulangete mpaka kumsewu, anthu anayi, iwo akulira ngati mwana, mayi wa zaka zopitirira 50 amene ine sindinaonepo misozi yawo chimwalirire amayi athu. Fupa la ntchafu linathyoka. Anawaika chitsulo m'mwendo. Mabwana awo anadikira mwezi umodzi, kenaka analemba wina, ndipo sindikuwanena, nyumba siidikira wodwala. Lero achemwali ali m'chipinda changa, amayenda ndi ndodo ziwiri kuchoka pabedi kufika pakhomo. Mwana uja ku Dedza anamubweza kusukulu. Chikwama chawo cha kuntchito sitinachipeze, chinapita ndi madzi pamodzi ndi pasipoti.

A Khansala, zitsulo zimenezo zikanakhalapo, bwenzi atangodetsa chitenje basi.

Musandiuze kuti mvula ndi ya Mulungu. Inde ndi ya Mulungu, koma njira ya madzi awa ikudziwika. Jukskei amayambira m'kati mwa tawuni, cha ku Ellis Park, amadutsa Bez Valley ndi Bruma, kenaka amafika kwa ife asanapite kukathira mumtsinje wa Crocodile ndi damu la Hartbeespoort. Kumtunda konseko ndi phula, simenti ndi malata, dothi loti limwe madzi ndi lochepa. Mvula ikagwa kumeneko madzi onse amathamangira mumtsinje nthawi imodzi, ndipo Alex ali pamtsetse wotsikira kumtsinje womwewo. N'chifukwa chake kuno kukhoza kukhala nyenyezi pamwamba mtsinje ukusefukira. Mu November 2016 tonse tinaona zimene unachita ku Setswetla, mikhukhu ikuyandama ndipo mwana wamng'ono anapita ndi madzi. Madzi saiwala khwawa. Chaka chilichonse kuyambira October amabwera njira yomweyo, ndipo ofesi yanu imadziwa zimenezi kuposa ine wosoka zovala.

Ndakhala kuno zaka 16, ndipo mbiri ya malo ano ndinaiphunzira kwa agogo ena amene ndinkachita lendi kumbuyo kwa nyumba yawo ku Alex wakale, kumene misewu imawerengedwa kuyambira 1st Avenue mpaka 22nd. Pano panali famu. Mwini wake, Papenfus, anadula mapuloti n'kutcha malowo dzina la mkazi wake, Alexandra. Azungu sanawafune chifukwa kunali kutali ndi tawuni, ndiye mu 1912 anawatsegulira anthu akuda. Chaka chotsatira kunabwera lamulo la malo la 1913 lomwe linatseka khomo loti munthu wakuda agule malo m'madera ambiri a dziko lino, koma Alex anali atayamba kale, ndipo anakhala amodzi mwa malo ochepa m'tawuni komwe munthu wakuda ankakhala ndi chikalata cha puloti yakeyake, monga zinalili ku Sophiatown. Sophiatown anamugumula kuyambira 1955. Alex anamuyesa, anasamutsa anthu ambiri kupita ku Diepkloof, Meadowlands ndi Tembisa, anamanga mahostelo, koma mu 1979 boma linabwerera m'mbuyo anthu atalimbana nalo motsogozedwa ndi Mbusa Sam Buti. Magetsi kunalibe zaka zambirimbiri, mpaka malowa ankatchedwa Dark City. Nelson Mandela ali mnyamata anachita lendi kachipinda ku 7th Avenue mumdima womwewo. Agogo aja ankanena zimenezi monyadira. Ine chimene chimandiwawa n'chakuti dzina la mdima lija likadali loona pamalo pamene achemwali anga anagwera.

Ndipo mbiri yonse ya Alex ndi ya anthu oyenda pansi. Kutali komwe kunathawitsa azungu kuja ndiko kunasandutsa mtengo wa basi nkhani ya moyo. Mu 1943 anthu anakana kukwera basi mtengo utakwera. Mu January 1957 kampani ya mabasi ya PUTCO inakweza mtengo kuchoka pa mapeni 4 kufika pa 5, ndipo anthu anafuula kuti Azikwelwa, sitikwera. Pafupifupi miyezi itatu anayenda wapansi mumsewu wa Louis Botha, makilomita oposa 10 kupita ndi enanso pobwera, chifukwa cha peni imodzi, mpaka anapambana. Makolo anu mwina anali m'gulu limenelo, a Khansala. Mukuwalemekeza bwanji ngati munthu woyenda pansi lero sangawoloke mtsinje wa m'mudzi mwake?

Taonani mmene tatchingidwira. Kumadzulo kuli M1, ndipo kutsidya kwake ndi nsanjika za Sandton zimene timaziona tikuchapa. Kum'mawa kuli N3. Misewu ikuluikulu iwiri, yonse yodutsitsa anthu ena. Siteshoni ya sitima ya Gautrain ya Marlboro ili pakhomo pathu penipeni chitsegulireni mu 2010, ndipo Sandton ndi siteshoni yotsatira, koma mtengo wake si wa munthu wokolopa m'nyumba. Mabasi a Rea Vaya anayamba ku Soweto mu 2009. Ife anatiuza kuti adzadutsa Louis Botha kufika kuno ndi ku Sandton. Masiteshoni anamangidwa pakati pa msewu, n'kukhala zaka ndi zaka osaona basi. Mlatho wa oyenda pansi wodutsa M1 cha ku Grayston, womangidwira anthu zikwizikwi amene amapita ku Sandton wapansi tsiku lililonse, zitsulo zomangira zinagwera pamsewu mu October 2015 n'kupha anthu awiri. Pamapeto pake unatha, ndipo ndikuthokoza, timadutsapo. Koma mlatho wokongola wa pa M1 umuthandiza chiyani munthu amene sanawoloke Jukskei?

Ndikudziwa kuti zimenezi si zonse zili m'manja mwanu. Zina ndi za mzinda, zina za chigawo, zina za boma lalikulu. Sindikukusenzetsani katundu wa eni. Ndingokukumbutsani kuti malonjezo kuno tawamva okwanira. Mu 2001 Pulezidenti Thabo Mbeki anakhazikitsa ntchito yokonzanso Alexandra ya ndalama zokwana R1.3 biliyoni. Zina zinachitikadi, pali nyumba kutsidya kuno, pali Pan Africa pamene timakwerera takisi. Koma mu April 2019 anthu anatseka misewu yonse ya Alex akufunsa komwe zotsalazo zinapita, akuluakulu anabwera motsatanatsatana, ndipo titabwerera m'nyumba zimbudzi zinapitiriza kutayikira mumsewu. Lero lomwe mapaipi a zonyansa akuthira mumtsinje, zinyalala zimakhala milungu osatoledwa, makoswe akula ngati amphaka, nthambo za magetsi zili pansi pomwe ana amasewera, ndipo amayi amawalanda mafoni panjira yomweyo ya kumtsinje m'mamawa. Izi ndingozitchula, aliyense akuzidziwa.

Pali mawu amene ndinamva m'khonde la ofesi yanu ulendo wachiwiri, sindikudziwa ngati anali wantchito kapena wodikira mnzanga. Anati, amenewa savota. N'zoona, sitivota. Tikudziwanso kuti Mmalawi kuno amayenera kuyankhula chapansipansi. Sitinaiwale May 2008, pamene chiwawa chothamangitsa alendo chinayambira mu Alex muno n'kufalikira dziko lonse, anthu oposa 60 n'kufa. Ineyo ndaganiza kawirikawiri ndisanalembe kalatayi, ndipo mkazi wanga sanafune kuti ndiitulutse. Kwathu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma agogo anga aamuna anabwera ndi Wenela kudzakumba golide wa mzinda uno, ndipo ana anga anabadwira konkuno, amayankhula Chizulu kuposa Chichewa. Timalipira lendi kwa eni nyumba amene amakuvoterani. Ndipo pa kamlathoko, pa anthu khumi odutsa m'mamawa, ambiri ndi anu omwe: ana a sukulu a yunifolomu, agogo opita kukalandira ndalama ya okalamba, anamwino, alonda obwera kuntchito ya usiku. Tsiku limenelo anagwa ndi mayi wa ku Dedza chifukwa ndiye anafika poyamba.

Chimene ndikupempha ndi ichi, ndipo n'chochepa poyerekeza ndi mabiliyoni aja. Mvula ya October isanayambe, zitsulo zogwirira zibwezeretsedwe mbali zonse ziwiri, ndipo ngati zachitsulo zikubedwa, muikepo kakhoma ka simenti komwe palibe angakagulitse. Magetsi ayake pa kamlathoko ndi panjira zotsikira mbali zonse, ngakhale a dzuwa, okwezeka pomwe dzanja silingafike. Mtsinje ukasefukira, pakhale anthu ochotsa thope m'mawa womwewo. Ngati ofesi yanu itipatsa mafosholo ndi mabulumu, ife amuna a kutsidya kuno, Amalawi ndi eni dziko, tagwirizana kale kuti tizisinthana. Ngati nkhaniyi ndi ya ofesi ina, tiuzeni kuti ndi iti, mutipatse nambala ya dandaulo lathu, ndipo mutiperekeze.

Ndikupemphanso kuti mubwere nokha, osatuma munthu. Bwerani hafu pasiti 4 m'mamawa, galimoto muisiye kumsewu, titsike limodzi mpaka pa kamlathoko opanda tochi. Tikawoloka ndidzakutengerani kunyumba kwanga mukawaone achemwali. Sakufuna chipepeso cha ndalama kwa inu. Anandiuza kuti ndikufunseni tsiku limene zitsulo zibwerere, chifukwa mayi amene anatenga ntchito yawo ku Sandton amadutsanso pomwepo.

Ine wanu,
Telala wa ku Malawi, wokhala kutsidya kwa Jukskei