Zomwe ndabwera nazo ku msonkhano wa kupempherera odwala

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndabwerako ku msonkhano uja munandituma ndiye ndati ndilembe pano pa gulupu zisanandituluke m'mutu, kuti nanunso amene simudzakhalapo tsiku lokambirana mukhale mutawerengako. Zikomo abusa ndi akulu ampingo pondikhulupirira, komanso inu amayi amene munandiimbira foni kundipatsa mafunso anu, onse ndinawafikitsa.

Kunali mipingo ing'onoing'ono ngati wathuwu, ina ilibe ndi kachisi yemwe, abusa ake amagwiranso ntchito zina mkati mwa sabata. Za kusankha komiti ndi za chuma zinakambidwa mwachidule, mapepala ake ndapereka kwa alembi. Ine ndikhazikika pa nkhani ya machiritso ndi kuyendera anthu poti ndiyo inadya nthawi yambiri komanso ndiyo ikutikhudza ife pano.

Tinayamba ndi Yakobo 5 kuyambira vesi 14, paja pamati wina akadwala aitane akulu a mpingo, amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Panalibe ndi mmodzi yemwe wotsutsa zoti Mulungu amachiritsa, ayi. Koma abusa ena achikulire amene amatsogolera anati tiwerengenso pang'onopang'ono tione amene akuyenda ndani pamenepo. Akuyenda ndi akulu ampingo, wodwala ali gone kunyumba kwake. Ife masiku ano timadikira wodwala adzikoke yekha abwere Lamulungu, aime pa mzere kutsogolo, timusanjike manja kwa mphindi imodzi kenako wina, kenako wina. Nanga amene wafookeratu uja, sangathe ndi kudzuka komwe, afikidwa ndi ndani? Anthu anangoti zii. Ine pamenepo ndinayamba kuwerenga mumtima anthu athu amene sitinawaone miyezi ingapo ndipo timangoti mwina anasamukira mpingo wina, chonsecho palibe anakagogoda pakhomo pawo.

Kenako anaimirira mayi wina, ndi nesi komanso ndi mkulu wampingo kwawoko, ndiye palibe akanati uyu sadziwa za pemphero. Analankhula mofatsa koma zinalowa. Anati chimene chimamuwawa mu wodi si kuona wodwala akupemphereredwa, iye mwini amapemphera nawo, koma kulandira munthu amene anali bwinobwino pa mankhwala, anasiya atauzidwa kuti wachiritsidwa, ndipo wabwera atamunyamula. Anafotokoza za ma ARV, mankhwala a kachilombo ka HIV. Munthu akamamwa mokhulupirika kachilombo kamachepa mpaka makina sakaonanso m'magazi, ndiye ena akamva kuti sikakuoneka amathamangira ku tchalitchi kukachitira umboni kuti kachoka. Koma kachilomboko kamakhala kalipo kabisala m'thupi, chikukapondereza ndi mankhwalawo, ukangosiya pakangotha masabata ochepa kamayambanso kuchulukana ndipo nthawi zina kamabwera kosamva mankhwala aja unkamwa. TB nayo ndi chimodzimodzi, mankhwala ake ndi a miyezi 6 koma munthu amayamba kupeza bwino msanga, chifuwa chaleka, thupi labwerera, apo ndi pamene ambiri amasiyira, mapeto ake ndi TB yovuta kuchiza ija. Anatikumbutsa kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2023 mokha TB inapha anthu pafupifupi 1.25 miliyoni padziko lonse, nthenda yoti imachizika.

Anakhudzanso za kusala kudya, izi akulu ampingo timve bwino. Tikalengeza kusala kwa mpingo wonse, pakati pathu pamakhala odwala shuga amene amadzibaya insulini kapena kumwa mapilitsi, pali amayi oyembekezera, pali oyamwitsa. Wa shuga akabaya jekeseni osadya, shuga amatsika kwambiri mpaka kukomoka, ndipo mu tchalitchi munthu akagwa timafulumira kuti wagwidwa ndi mzimu. Anapempha kuti wolengeza azinena pakamwa, pa maiki, kuti amenewa asasale ndipo sakuchimwa, poti ukapanda kunena amasala nawo chifukwa cha manyazi.

Apa ndi pamene zinatentha. Mlaliki wina wachinyamata anaimirira nati, ndiye chikhulupiriro chili pati, tisanduke tonse aloza njira ya kuchipatala basi? Anatsegula Maliko 5, nkhani ya mayi uja anataya magazi zaka 12, anathera chuma chake chonse kwa asing'anga osapeza bwino, anachira atakhudza chovala cha Yesu. Anatchulanso Maliko 16 vesi 18 za kusanjika manja pa odwala. Musamuone ngati wovuta mnyamatayu, ankalankhula ndi mtima wonse ndipo ambiri anamuombera m'manja. Nanenso ndikuona kuti nkhawa yake ndi yoona, mpingo ukhoza kuzizira mpaka pemphero la odwala n'kusanduka mwambo chabe, kupemphera osayembekezera kalikonse. Zimenezo nafe sitikuzifuna.

Mayankho anachokera m'Baibulo momwemo. Wina anati Yesu atakumana ndi akhate 10 aja pa Luka 17 anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, chifukwa malinga ndi Levitiko ansembe ndi amene ankayang'ana khungu n'kugamula kuti uyu wachiradi. Ndiye ngati Ambuye mwini sanaope kuti ntchito yake ikaunikidwe ndi ena, ife tikuopa chiyani kuuza munthu kuti pitani akakuyezeni? Wina anakumbutsa kuti Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali dokotala, Paulo akumutchula mwachikondi pa Akolose 4 vesi 14. Paulo yemweyo, amene Mulungu anachita naye zozizwa zambiri, analemba pa 2 Timoteo 4 vesi 20 kuti anasiya Trofimo ku Mileto akudwala, ndipo iye mwini anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke koma sunachoke, pa 2 Akorinto 12. Msamariya wachifundo uja anathira mafuta ndi vinyo pa mabala, kumanga, kunyamula munthuyo n'kulipira pogona. Sitinafike poti onse agwirizana pa chilichonse, mlaliki uja anatsalabe ndi mafunso ake, koma pa chinthu chimodzi tonse tinakweza manja, iyenso anakweza. Tipemphere moyembekezera kuti Mulungu achita, koma wina aliyense, kaya ndi m'busa kaya mlendo wodzalalikira, asauze munthu kuti asiye mankhwala. Wonena zoti mankhwala asiyidwe ndi amene anawalemba.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mayi wina amene anapempha kuti alankhule masana. Mwana wake amagwa khunyu. Anati anayenda naye m'mapemphero ambiri, usiku wonse mwana atamugwira anthu akuluakulu akumukuwira m'makutu kuti tuluka, mwana akulira, ndipo zitakanika anauzidwa kuti mwina pali tchimo limene iye mayiyo akubisa kapena chikhulupiriro chake n'chochepa. Anati tsiku limenelo anapita kunyumba ndi katundu muwiri, matenda a mwana ndi mlandu, ndipo anatha nthawi yaitali osaponda mu tchalitchi. Ankalankhula akupinda ndi kupindula kansalu kamene anagwira m'manja, sanalire, koma ambirife tinalira. Amene anamubweza ndi mayi mnzake wa mumpingo wina amene ankangobwera kudzakhala naye, kenako anamuperekeza kuchipatala, pano mwanayo ali pa mankhwala, amapita ku sukulu ndipo amaimba kwaya. Mayiyo anati sanasiye kumupempherera ndi tsiku limodzi lomwe.

Abale, mawu oti chikhulupiriro chako n'chochepa tiwachotse pakamwa pathu tikakhala pamaso pa wodwala. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, Yesu anati si iye kapena makolo ake. Nesi uja anawonjezera kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko ali ndi khunyu ndipo WHO imati mwina 7 mwa 10 aliwonse akhoza kukhala osagwanso atalandira mankhwala oyenera. Khunyu sapatsirana, ngakhale malovu ake sangakupatse. Anatisonyeza zochita munthu akagwa pakati pa mapemphero, kuchotsa mabenchi ndi zinthu zomwe zingamuvulaze, kuika chofewa kumutu, osamupanikiza, osamuika sipuni kapena chala m'kamwa, akasiya kuphiriphitha kumugoneka chammbali, ndipo zikapitirira mphindi 5 kuthamangira naye kuchipatala. Anatchulanso zina zosadikira kuti mapemphero athe kaye, monga mwana wotentha thupi kwambiri amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, mayi woyembekezera akutaya magazi, munthu amene kamwa yapotoka mwadzidzidzi, dzanja lafooka, mawu sakumveka. Amenewo timapemphera tili m'njira.

Za ndalama sitinachedwepo chifukwa zinali zoonekeratu. Elisa anakana mphatso za Namani, Gehazi atazithamangira anatenga khate, pa 2 Mafumu 5. Petro anadzudzula Simoni pofuna kugula mphatso ya Mulungu, Machitidwe 8. Munalandira kwaulere, patsani kwaulere. Choncho palibe kugulitsa mafuta kapena madzi, palibe envelopu yoti uyambe wapereka kuti upemphereredwe. Kwathu kuno sitichita izi ndipo ndikuthokoza Mulungu, koma tizichenjera ndi alendo amene timawapatsa guwa.

Ma umboni nawo anakambidwa. Matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Tisamamuimike kutsogolo n'kutchula chimene akudwala iye asanalole, tisamajambule vidiyo n'kuponya pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo pa gulupu ngati pano tikamapempha mapemphero tingoti m'bale wathu sakupeza bwino, zokwanira, Mulungu akudziwa zotsalazo. Munthu akafuna kuchitira umboni kuti wachira nthenda yaikulu, ayambe wapita kukayezetsa, umboni wake udzakhala wolimba kuposa.

Tsono pa kufikira anthu otizungulira, apa ndinaphunzira zambiri kwa mpingo wina waung'ono kuposa wathu. Iwo alibe galimoto, alibe thumba lalikulu, ali ndi kabuku kamodzi basi. Muli mayina a odwala ndi okalamba a m'dera lawo, a mumpingo ndi omwe si a mumpingo, ndipo sabata iliyonse amagawana kuti uyu apita kwa uje. Amayenda awiriawiri monga Yesu anatumira ophunzira pa Maliko 6, ndipo bambo sapita yekha kwa mayi. Akafika sayamba ndi ulaliki, amayamba ndi kufunsa kuti mwagona bwanji, mankhwala alipo, tsiku lobwerera kuchipatala ndi liti, alipo wokuperekezani. Akaona pakhomo pali posasesa amasesa, zovala amachapa. Kenako amafunsa, kodi tingapemphere nanu? Wina akakana samakwiya ndipo sabata yotsatira amapitanso. Thandizo lawo salimangirira ku kulowa mpingo. Anati anthu ena amadzalowa okha patapita nthawi, ena salowa, koma onse amadziwa kuti pakavuta pali khomo logogoda.

Anatiuzanso kuti tisamaiwale gadiyani. Tonse timathamangira pa bedi la wodwala, koma amene akumusambitsa, kumutembenuza usiku, osagona miyezi, palibe amamufunsa kuti inu muli bwanji. Iwo amamulandirako maola angapo kuti apume kapena apite ku mapemphero. Komanso pali odwala amene saoneka kuti akudwala, munthu wangosiya kucheza, sakudya, sakugona, akulankhula zoti bola kufa. Anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lapansi, ena mwa iwo ndi opemphera ngati ife. Nesi uja anati kumufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, m'malo mwake kumamutsegula kuti alankhule. Wotere osamusiya yekha, osamukalipira ndi mavesi, timupempherere ndipo timuperekeze kwa achipatala.

Maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kunditsutsa tikakumana. Mzere wa odwala Lamulungu tisauthetse, anthu amalimbikitsidwa nawo ndipo taonapo Mulungu akuyankha. Koma aliyense amene wapemphereredwa pa mzerewo dzina lake lilembedwe mwachinsinsi ndipo mkati mwa sabata wina akamuone. Ndikupempha abusa kuti mawu oti musasiye mankhwala azinenedwa pa guwa kawirikawiri, achoke pakamwa panu abusa, chifukwa anthu amamva inu kuposa nesi. Ndikupemphanso kuti pa chopereka tipatuleko kagawo ka thiransipoti ya odwala, kaya ndi kochepa bwanji, akomiti ya chuma aone mmene zingathekere. Ndipo tili ndi abale pakati pathu amene amagwira ntchito ya zaumoyo, tiwapatse mpata Loweruka lina atiphunzitse zija za khunyu ndi shuga, makamaka otsogolera mapemphero ndi olandira alendo pakhomo.

Kabuku kaja ndagula kale, kakusowa mayina a oyendera. Pakufunika abambo ndi achinyamata, ntchitoyi isagwere amayi okha monga zimakhalira. Amene mwakonzeka ndilembereni ku inbox osati pano pa gulupu, chimodzimodzi ngati mukudziwa wina amene wagona kunyumba ndipo sitikudziwa. Abusa akatiuza tsiku lokumana ndidzabwera ndi mapepala onse kuti tione pamodzi.