Musachotse ana kusukulu ya boma, bwerani tidzaikonze limodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yayamba kumveka kuno ku Kasungu, makamaka pakati pa makolo achinyamata amene anapitako patali ndi sukulu, yoti bola kungomusunga mwana pakhomo nkumamuphunzitsa wekha kusiyana nkumutumiza kusukulu ya boma. Ena anaziona pa YouTube ndi Facebook, ena anamva kwa abale awo aku Joni, nde pano zikungoyenda mmagulu a WhatsApp ngati ndi nzeru yatsopano imene ifeyo tinachedwa kuidziwa. Ine ndine mayi wa ana atatu onse ali kusukulu ya boma komanso ndili mkomiti ya sukulu yakwathu kuno, ndipo ndikuti ayi, mwana apite kusukulu, ndipo inu amene mukuona kuti muli ndi mphamvu zophunzitsira mwana ndinu amene tikukufunani kwambiri kusukuluko.

Sindibisa, zimene akudandaula makolowa ndi zoona zokhazokha. Lowani mkalasi ya sitandade 1 mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, malata akuthetheka, mupeza ana oposa 100 ali pansi pasimenti yokumbikakumbika, wina akulira wina wagona wina akukanganira pensulo, madamu ali yekhayekha mawu atasasa kale 9 koloko isanakwane. Buku limodzi ana anayi kapena asanu, amene wakhala mbali inayo akuliona chozondoka. Boma lenilenilo limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60 koma mmakalasi angʼonoangʼonowa zimenezo timangozimva. Vutoli ndi lakale, mu 1994 a Bakili Muluzi atachotsa fizi ya pulaimale ana anakhamukira kusukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, chinali chinthu chabwino zedi ineyo ndinalowa sukulu chifukwa cha chimenecho, koma makalasi, mabuku, nyumba za aphunzitsi ndi aphunzitsi enieniwo sizinachuluke pa liwiro limenelo ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe.

Mngʼono wanga weniweni ndi mmodzi mwa amene akufuna kuchotsa mwana. Anandiuza misozi ili mmaso kuti asisi mwanayu ali sitandade 3 koma dzina lake lomwe akulephera kulemba, mukufuna ndingokhala ndiziyangʼana? Ndinamumvetsa, mwana ndi wake ndipo zimapweteka. Ndinamuyankha kuti usangokhala ayi, koma kumuchotsa si mankhwala ake, ndipo zimene ndinamuuza ndi zimene ndikulemba panozi.

Tisaiwale msanga kuti dziko lonseli tinayesapo kale kuphunzitsa ana pakhomo. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo ana anakhala mpaka Seputembala, ena mpaka Okutobala. Anatiuza kuti maphunziro azimveka pawailesi, makolo tizithandiza. Masabata oyamba tinayesetsa ndithu, makope anatuluka, mkeka unayalidwa, koma ntchito zapakhomo sizinatsekedwe nawo limodzi, madzi ofuna kutunga, chimanga chofuna kukolola, geni yofuna kupita nayo kumsika, mabatire a wailesi atha, nde pangʼono ndi pangʼono makope aja anabwerera mchikwama. Zimene zinatsatira aliyense akuzidziwa ndipo nyuzipepala yanu yomweyi munalemba, atsikana ambirimbiri anatenga mimba, ena anakwatiwa, anyamata anazolowera ganyu ndi kabaza osabwereranso. Amene anabwerera ambiri anali ataiwala ndi maphatikizo omwe. Si kuti makolo sitikonda ana athu ayi, koma tsiku la kholo la kuno lili ndi eni ake kale.

Komanso kuphunzitsa ndi ntchito imene anthu amakaiphunzira, nchifukwa chake pano pa Kasungu pali TTC, sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Kumuphunzitsa mwana a e i o u ndi ba be bi bo bu ambiri tingathe, koma akafika sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala mChingerezi, kenako kumabwera ma fraction ndi ma decimal, sayansi, social, life skills, zonsezo munthu mmodzi yemweyo amene akuyeneranso kuphika ndi kukasaka ndalama ya sopo. Mapeto ake pa sitandade 8 pali mayeso a MANEB a PSLCE ndipo ndi amene amatsegula njira yoti mwana asankhidwe kupita kusekondale, ku Chayamba kapena ku national kapena ku CDSS yapafupi. Aphunzitsi a sitandade 8 amadziwa mmene mafunso amabwerera, amachititsa ma mock, ana amapikisana ndi anzawo a mzoni yonse nkudziwa pamene ali. Mwana wapakhomo adziyeza ndi ndani? Mayi ake amuuza kuti wakhoza, iye nkukhulupirira, zoona zake nkudzazidziwa tsiku la zotsatira nthawi itatha kale.

Amene mukuwaona pa intaneti aja ali ndi magetsi osazimazima, bandulo yosatha, mabuku odzaza shelefu, ndipo kawirikawiri kholo limodzi linasiya ntchito chifukwa malipiro a mnzakeyo akukwanira banja lonse. Ngakhale ku South Africa komwe abale athu akutengera nkhaniyi, lamulo limafuna kuti kholo likalembetse mwanayo kuboma kuti akuphunzirira pakhomo, si zongodzuka mmawa nkunena kuti kuyambira lero supitanso.

Ndamvanso ena akutchula William Kamkwamba wakwathu konkuno ku Wimbe, kuti taonani anadziphunzitsa yekha mpaka kupanga makina amphepo opangira magetsi dziko lonse nkumudziwa. Eya, ndipo timamunyadira kwambiri. Koma mnyamata uja sanasankhe kukhala pakhomo, inali njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake atasowa fizi ya kusekondale. Kuwerenga anakuphunzira kusukulu ya pulaimale ya boma, mabuku amene anamutsegula mutu anakawabwereka kukalaibulale kakangʼono ka pasukulu, ndipo mwayi utangopezeka anathamangira kubwerera mkalasi mpaka kukamaliza ku Dartmouth College ku America. Ngakhale Kamuzu amene anamanga Academy ku Mtunthama mu 1981 anayambira pansi pa mtengo wa kachere ndi ana anzake, pamaso pa mphunzitsi.

Koma chimene chikundiopsa kwambiri ine ndi ichi, ndipo apa ndikupempha anzanga apaboma mundimvetsetse chifukwa mwina simukuziona. Kuno ndi kwa fodya. Kuyambira Januwale mpaka msika wa ku Chinkhoma utatsegulidwa, mmakalasi mumachepa ana, ali mzigafa akusoka fodya, manja akuda bii ndi phula la masamba, ena akusankha ena akuthandiza kudinda mabelo, madzulo mutu ukuwawa akusanza. Lamulo la zantchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14 ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati pulaimale ndi yokakamiza, ndipo ndi malamulo amenewa amene ife akomiti, amayi a mother group ndi mafumu timayenda nawo khomo ndi khomo. Timafika nkunena kuti bambo, mwanayu sabata yonse sanaoneke mkaundula, chavuta nchiyani, ndipo bamboyo amachita manyazi mawa lake mwana nkubwera. Tsopano mawu oti ndikumuphunzitsa ndekha pakhomo akangozolowereka, bambo yemwe uja adzatiyankha chimodzimodzi ali chiimire pakhomo pa chigafa, ndipo ife tidzasowa chonena. Inu mudzakhala mukuphunzitsadi wanuyo patebulo, koma mawu anuwo ndi amene adzabise ana mazanamazana amene sadzaona ndi kope lomwe. Mtsikana amene akufuna kumukwatitsa naye adzabisidwa ndi mawu omwewo.

Sukulu ili ndi maso ambiri. Ndi madamu amene amazindikira kuti mwana uyu masiku ano sakuseka, kapena akuyenda motsimphina, kapena akumenyedwa kwawo. Kumene kuli pologalamu ya phala mumaona tiana tikuthamanga mmawa kapu ili mmanja, kwa ena chimenecho ndiye chakudya choyamba mwinanso chokhacho mpaka madzulo. Mankhwala a likodzo ndi a njoka zammimba, katemera wa atsikana woteteza khansa ya khomo la chiberekero, zambiri zimadzera kusukulu komweko. Nanga kusewera ndi anzake, kukangana nkugwirizananso, kukhala ndi mwana wa Mtumbuka, wa Myao, wa tenanti, wa sitolo, wa Chisilamu ndi wa Katolika pabenchi imodzi, zimenezi mungaziphunzitse pabalaza?

Ndiye pali ichi chimene chimandiwawa ngati wa mkomiti. Makolo amene akufuna kuchotsa anawa ndi omwe aja odziwa kuwerenga, olimba mtima kufunsa ahedi funso, otha kulemba kalata kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulaimale mzoni, otha kuona pepala la ndalama za SIG zimene boma limatumiza zotukulira sukulu nkufunsa kuti simenti matumba akuti alembedwa apawa ali kuti. Mukachoka inu kumatsala agogo olera ana amasiye amene pamsonkhano amangoti zikomo aphunzitsi olo zinthu zitalakwika. Pasukulu yathu panali mphunzitsi wina amene ankafika mochedwa fungo la kachasu lili guu, ana nkumangosewera panja, ndipo zinatha chifukwa makolo ochepa odziwa njira anakana kukhala chete, analemba madeti onse nkupita nawo ku TDC, kuofesi ya a PEA. Akanati aliyense angotenga wake nkupita naye kunyumba bwenzi ana otsalawo akuseweretsedwabe mpaka lero. Zimbudzi za atsikana tinamanga tokha, njerwa tinaumba Loweruka, mchenga azibambo anatuta pangolo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo namwino amene adzakubayeni jakisoni muukalamba wanu mwina ndi kamtsikana kamene kakhala kumbuyo kwa kalasi lero kakulephera kuona pabolodi.

Kuphunzitsa pakhomo ndikukufuna ndithu, koma kukhale kwa madzulo mwana atabwera kusukulu. Kwathu tikatha kudya nsima timayala mkeka, tochi ya sola ndimaipachika pamsomali, wamngʼono amandiwerengera zimene aphunzira tsikulo chala chili pa liwu lililonse, akakakamira sindimuuza msanga ndimamusiya aphatikize yekha mpaka nkhope iwale. Buku likasowa timawerenga zolembedwa papaketi ya shuga, pathumba la feteleza, mbuku la nyimbo zakutchalitchi, chilichonse chili ndi malembo. Masamu timachita ndi njere za chimanga kapena ndimamutuma kuokala nkumufunsa chenji asananyamuke. Theka la ola basi koma tsiku ndi tsiku. Mwana amene ali mgulu la ana 100 chimene akusowa ndi munthu mmodzi womumvetsera akamawerenga, ndipo chimenecho kholo lingathe popanda kumuchotsa mkaundula. Ngati muli ndi mphamvu zoposa pamenepo itanani ana a aneba atatu anayi akhale nawo pamkekapo, kapena pitani kwa ahedi mukadzipereke kuthandiza ana kuwerenga masana akaweruka. Ndipo muzipita kukaonana ndi aphunzitsi a mwana wanu osadikira tsiku lotsekera, mungowafunsa mwaulemu kuti madamu mwanayu akuvutika pati, ine ndithandize chiyani, mudzadabwa mmene amasinthira akadziwa kuti kumbuyo kwa mwanayu kuli munthu.

Ndikudziwa kuti pali ana ena amene kupita kusukulu tsiku lililonse nkovutadi. Wodwala matenda amgonagona, wolumala amene sukulu ili kutali ndipo palibe njinga, ana a tsidya la mitsinje ngati Bua, Dwangwa ndi Rusa madzi akadzaza, komanso anzathu a mmalire mwa paki ya Kasungu amene chibweretsereni njovu zochokera ku Liwonde mu 2022 amaopa kutulutsa ana mbandakucha. Amenewa kholo likamawaphunzitsa pakhomo likuchita bwino ndipo lithandizidwe. Pempho langa ku unduna wa zamaphunziro ndi loti mwana wotereyu dzina lake lizikhalabe mkaundula wa sukulu yapafupi, azipatsidwa mabuku ngati anzake, mphunzitsi kapena a PEA azimuyendera, ndipo kutha kwa teremu azilemba mayeso omwe anzake akulemba kuti tonse tione ngati akuphunziradi. Aliyense wofuna kusunga mwana pakhomo pa chifukwa china chilichonse adutsenso njira yomweyi, mafumu adziwe, kuti wophunzitsadi ndi wobisa mwana mchigafa tizitha kuwasiyanitsa.

Ndipo inu akonzi, tumizani mtolankhani wanu kuno mwezi wa Febuluwale fodya ali pachimake, adzaone makaundula a sitandade 4 mpaka 7 mmasukulu oyandikana ndi maesiteti, adzacheze ndi amayi a mother group, kenako mudzalembe zimene wapeza.

Mayi wa ana atatu,
Kasungu