Mwana akamagwaigwa, tiyezeni kaye magazi tisanayambe kulozana zala

Akonzi,

Ndati ndilembeko kalatayi ngati malume chabe, ine si wachipatala ayi, ndimalima kachewere kuno ku Angonia basi. Nkhani yake ndi ya mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 9 tsopano, yemwe tazungulira naye mokwana tisanadziwe chomwe chikumudya.

Anachedwa kuyenda koma tinkati ana amasiyana. Atakwana zaka 4 tinayamba kuona kuti akumagwa pafupipafupi olo pabwalo posesa bwinobwino, akamathamanga ndi anzake iye kumatsalira kumbuyo uku akuyenda monyang'ama, chiuno chikupita uku ndi uku ngati bakha. Chinatipusitsa ndi akatumba. Anali akuluakulu olimba gwa, mpaka anthu kumamutama kuti ameneyu ndi wampira wamawa. Koma mumuone akamadzuka pamphasa: ayambe wagwada, manja pansi, matako m'mwamba, kenako agwire bondo, agwire ntchafu, kumakwera thupi lake lomwe ngati akukwera mtengo mpaka aime. Tsiku lomwe ndinaona zimenezi mtima unangoti myuu, chifukwa ndinali nditazionapo kale.

Mng'ono wanga ankadzuka chimodzimodzi. Nthawi ija tili kothawa nkhondo ku Dedza ndi pomwe anasiyiratu kuyenda, nkhondo itatha mu 1992 tinabwera naye kuno atagona pangolo, ndipo anamwalira ndi chifuwa asanakwane zaka 20. Amayi ananenedwa zambiri zedi. Ena amati anamusempha, ena amati anamudya okha mwana wawo. Anapirira nazo zaka zonsezi osayankha.

Nde kwa mwana uyunso nyimbo inali yomweyo, kungoti ulendo uno chala chinaloza mlamu wanga poti ali ndi chigayo. Eti anakhwimira mwana kuti chigayo chiziyenda. Kwa asing'anga tinapita, sindikana, mbuzi ziwiri zinathera komweko ndipo mwana ali ndi mphini kuyambira m'chiuno mpaka m'zidendene.

Mu 2022 poliyo atapezeka ku Lilongwe kenako kuno ku Tete, kuyambira ku Changara, a katemera ankayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali mwana wofa ziwalo. Mlongo wanga anamutulutsa. Anatenga chimbudzi chake kawiri, anachiika mu kabokosi kozizira, chinapita kutali ndipo yankho linabwera kuti si poliyo. Anthu aja anagwira ntchito yawo, sindikuwanena. Koma funso lathu loti nanga ndi chiyani linatsala pompo, chifukwa njira yomwe inalipo inali yofufuza poliyo yekha, ndipo poliyo amagwira mwadzidzidzi pamasiku ochepa pamene wathuyu zimapita pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Anatitsegula maso ndi dokotala wina wa ana mu mzinda, titakwera chapa, minibasi ya kuno, tsiku lonse. Sanachite zambiri. Anamukhazika mwana pansi nkumuuza kuti dzuka, anaonerera, anagwira akatumba aja, kenako anandifunsa ine kuti kodi kuchikazi kwanu kunakhalapo mnyamata wina wotere? Ndinangoti kukamwa yasa. Analemba kuti ayezedwe magazi, chinthu china amati CK, chomwe chimatayikira m'magazi minofu ikamaonongeka. Kwa munthu wabwinobwino chimakhala cha m'ma 200 kutsika pansi, cha mwanayu chinadutsa 10,000. Akatumba tinkawatama aja akuti mkatimo ndi mafuta ndi zipsera zomwe zalowa m'malo mwa mnofu.

Apa ndisekeko pang'ono. Dokotala pofotokoza anatchula majini, mlongo wanga kudzidzimuka kuti mwaona achimwene, olo adokotala akuvomereza kuti ndi ziwanda! Zinatenga nthawi kuti timvane kuti akunena timalangizo ta m'thupi tomwe mwana amatengera kwa makolo, tomwe timakhala mu DNA, osati majini a usiku aja. Achipatala chonde mawu amenewa muzisamala nawo kumudzi kuno.

Matendawa dzina lake ndi Duchenne, potengera dokotala wa ku France yemwe anawafotokoza zaka za m'ma 1860. Amagwira mnyamata mmodzi mwa anyamata pakati pa 3,500 ndi 5,000 obadwa, nde musati ndi za azungu zokha, ku Tsangano, ku Furancungo, ku Chifunde anyamata amabadwanso. Thupi limalephera kupanga dystrophin, chinthu chomwe chimagwira mnofu kuti usang'ambike ukamagwira ntchito, ndipo akatswiri anachitulukira mu 1987. Malangizo opangira chimenechi amakhala pa chingwe cha DNA chomwe amati X. Mtsikana ali nazo ziwiri, ina ikaonongeka inzake imaphimba, mnyamata ali nayo imodzi yokha yochokera kwa mayi ake. Mayi amene ananyamula vutoli, mwana wamwamuna aliyense yemwe angabereke ndi theka-theka, kudwala kapena kupulumuka. Ine ndinapulumuka, mng'ono wanga ayi, mimba imodzi. Wamkazi aliyensenso ndi theka-theka kunyamula osadwala. Komanso pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu odwalawa zimangoyambira pa iye yekha mayi alibe kalikonse.

CK imangoloza njira, chotsimikiza ndi kuyeza DNA. Pamenepa mpomwe tinaona zakuda. Anatiuza kuti magazi akuyenera kupita kunja, ndipo chikhala kuti palibe msuweni wathu yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg bwenzi zitathera pomwepo. Ndinagulitsa kachewere wa dimba lonse, tinadikira miyezi, pepala linabwera: malangizo aja ali ndi zigawo 79, mwa mwanayu zina zikusowa. Mlongo wanga atayezedwa anapezeka kuti ananyamula.

Ena andifunsa kuti nanga mwapindulanji poti mankhwala ochiziratu kulibe? Ndiyankhe. Mbuzi zinasiya kupita kwa asing'anga. Mlamu wanga akuyenda mutu uli m'mwamba kumsika. Mwana anayamba prednisolone, yemwe amachedwetsako nthawi yosiya kuyenda, poti popanda chithandizo ambiri amakhala pansi asanapitirire zaka 12, koma awa ndi mankhwala oti dokotala azikuonani chifukwa amanenepetsa ndi kufewetsa mafupa, osati kukagula pa benchi kumsika ayi. Tinaphunzira mafizo owongola mapazi madzulo aliwonse, iye amati amalume mukundipweteka koma timapangabe. Tinauzidwa kuti mtima nawo ndi mnofu uziyezedwa, chifuwa chikayamba tisachedwe, ndiponso kuti akadzafunika opaleshoni tidzanene msanga chifukwa mankhwala ena ogonetsa ndi oopsa kwa mwana wotere. Zonsezi mng'ono wanga sanazipate.

Koma pepala lija lilinso ndi mano, ndisabise. Abale a mlamu atangomva kuti zimadzera kuchikazi anatembenuka pompo, ati nde matendawa ndi a kwanu, mwana wathu akakwatire kwina. Ndinachita kukhala nawo pansi ngati mwinimbumba kuwafunsa kuti kodi mlongo wangayu anasankha? Alipo anasankhapo magazi ake? Nchifukwa chake ndikuti kuyeza kokha popanda munthu wokhala pansi ndi banja lonse kufotokoza m'Chichewa, osati Chipwitikizi cha m'mabuku, kukhoza kuthetsa mabanja. Ndipo si matenda onse otere amadzera kwa mayi yekha. Alipo ena amati SMA, omwe amaononga mitsempha yoyendetsa minofu, khanda limangokhala lendelende, khosi osalimba, kuyamwa movutika, ndipo ambiri a mtundu woopsawo safika zaka 2. Amenewa mpaka bambo ndi mayi onse akhale atanyamula, ndipo pa mimba iliyonse mpata ndi umodzi mwa inayi. Makanda angati taika m'manda kuno tikuti ndi tsempho? Mankhwala ake kunja aliko, ena otchedwa Zolgensma anatuluka ku America mu 2019 pa mtengo wopitirira madola 2 miliyoni jakisoni mmodzi, ine sindikupempha zimenezo, ndikudziwa thumba la dziko lathu.

Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo ndi laling'ono. Kusikelo anamwino aphunzitsidwe kuti mnyamata wochedwa kuyenda kapena wogwaigwa azimukhazika pansi nkuona mmene akudzukira, izi sizifuna metikali olo imodzi. CK iziyezedwa pa zipatala za m'maboma. Ndipo paja magazi a makanda oyeza HIV mumadontheza pa kapepala nkuumitsa, kapepala kamayenda mpaka ku labu yakutali yankho nkubwera, chimbudzi cha poliyo chinayendanso bwinobwino, nde galimoto yomweyo singanyamuleko magazi a ana awa? Gwirizanani ndi labu imodzi olo ya kunja, olo kanayi pachaka, kuti zisamadalire kukhala ndi msuweni ku Joni.

Amayi ndinakawauza ndekha, ali pakhonde akusola nyemba. Ndinafotokoza zonse, za X, za theka-theka, kuti mwana wawo uja sanamusemphe ndipo palibe anamudya. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anangofunsa kuti nanga aja ankandinena aja, ambiri anafa, ndikawauza bwanji? Panopa nkhawa yawo ndi mdzukulu wawo wamkazi, mlongo wake wa mwanayu, yemwe anthu ayamba kale kudzamufunsira. Sanayezedwe. Ndikudikira kachewere wa chaka chino.

Malume wodandaula,
Ulongwe, Angonia