Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo pa za kujambula odwala khansa ya thumbo lomaliza

Olemekezeka Nduna,

Landirani ulemu wathu. Ndife ogwira ntchito yachipatala ku Mulanje ndi ku Thyolo. Dandaulo ili ladutsa kale m'njira zoyenera koma yankho silinabwere, n'chifukwa chake taliika poyera.

Taganizirani munthu wotchola tiyi kumbali ya Muloza. Wakhala akuchita chimbudzi chamagazi kwa miyezi, akumwa mankhwala a kamwazi ndi a mudzi. Pomupima ndi chala papezeka chotupa, ndipo kanyama kodulidwa pamenepo katsimikiza kuti ndi khansa. Wapatsidwa tsiku la CT, makina ojambula m'kati mwa thupi, ku Blantyre. Wakongola ndalama ya kabaza ndi minibasi, wanyamuka m'bandakucha osadya kanthu, koma atafika akumuuza kuti zotsatira za creatinine, kuyeza magazi kosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, palibe. Popanda zimenezo sangamubaye mankhwala owalitsa ziwalo pachithunzi, chifukwa amatha kupweteka impso zofooka kale. Basi abwerere. Tsiku lina lili kutali, la MRI, makina ena ojambula ndi maginito, lilinso padera, ndipo chithunzi chachiwiri chikamatuluka choyamba chija chatha ntchito, poti chotupa chakhala chikukula.

Zithunzi ziwirizi sizilowana m'malo. CT ya pachifuwa, m'mimba ndi m'chiuno imasonyeza ngati khansa yafika kuchiwindi kapena kumapapo. Ultrasound ndi X-ray zimene timadalira m'maboma zimaphonya tizotupa ting'onoting'ono. MRI ya m'chiuno ndiyo imauza dokotala wa opareshoni zimene sangazione asanang'ambe: chotupa chili masentimita angati kuchokera potulukira chimbudzi, chaboola khoma la thumbo kapena ayi, mwanabere wapafupi wakhudzidwa kapena ayi, komanso chayandikira motani kachikopa kokuta mafuta ozungulira thumbolo. Pakatsala milimita imodzi kapena kuchepera apo, kudula msanga n'kusiya khansa m'thupi. Wodwala wotero amayenera kuyamba ndi radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza champhamvu, kaya ya masiku 5, kaya ya masabata 5 kapena 6 pamodzi ndi mapiritsi a khansa otchedwa capecitabine, kenako n'kujambulidwanso chotupa chitafota. Chotupa chokhala pa mtunda wosakwana masentimita 5 kuchokera potulukira chimbudzi ndiye chimavuta kwambiri, poti apa ndi pamene zimadziwika ngati munthu adzakhale ndi thumba lachimbudzi pamimba moyo wake wonse. Kodi tingamuuze chiyani wodwala ndi abale ake tilibe chithunzi?

Kung'amba mongoyerekeza kumathera poipa. Dokotala amapeza chotupa chitamatirira kuchikhodzodzo, n'kungotulutsira thumbo pamimba, kusoka, khansa ili momwemo.

Zina ndi izi: mankhwala owalitsa aja amatha, makina akawonongeka uthenga sufika kumaboma, odwala amabwera ndi CD yopanda lipoti, ndipo lipoti likakhalapo limangoti pali chotupa, chimene chala chinatiuza kale. Pamisonkhano timamva kawirikawiri kuti ndondomeko yotumizira odwala ikonzedwa. Tikudziwa kuti ntchito yanu ndi yaikulu, koma mawu amenewa tawamva mokwanira.

Sitikupempha MRI m'boma lililonse. Lamulani kuti creatinine ndi CEA, chizindikiro cha khansa chopezeka m'magazi, ziziyezedwa kuchipatala chaboma wodwala asananyamuke. CT ndi MRI zizikhala tsiku limodzi, pasanathe masabata awiri khansa itatsimikizika. Lipoti lizitchula zinthu zinayi zija zimene MRI imasonyeza, ndipo lizifika kwa amene anatumiza wodwalayo. Makina akafa, maboma azidziwitsidwa tsiku lomwelo anthu asanawononge ndalama zoyendera. Tiyankheni poyera, mutchule tsiku limene zimenezi ziyambe.

Ife anu,
Ogwira ntchito yachipatala, Mulanje ndi Thyolo