Kalata yochokera ku Bembeke

Mnzanga,

Uthenga wako wa pa WhatsApp uja ndinauona usiku womwewo koma ndinaona kuti kuyankha ndi kavoisi sizikwana, nde ndati ndikhale pansi ndikulembere ndithu. Kuno tonse tili bwino, amayi akupereka moni akuti uzivala zofunda poti amva kuti ku Johannesburg nakonso kumazizira mwezi uno. Kwathu kuno chiperoni chagwira masiku atatu tsopano, m'mawa phiri la Dedza silikuoneka nkomwe.

Wati lipoti lako loyamba la mu labu labwerera lili lofiira lokhalokha ndipo wayamba kuganiza kuti mwina sayansi si yako. Iwe usatero ayi, zandikhudza kwambiri chifukwa inenso ndadutsa momwemo chaka chomwe chino ndi pulojekiti yanga ya chaka chomaliza.

Ukudziwa kuti ndinasankha za chiwawu cha kachewere, matenda aja amene amaotcha masamba nthawi ya mvula mpaka munda wonse kuda ngati papita moto. Ndinadzala mapuloti 12 kumunda kwa amalume, ena osapopera nkomwe, ena kupopera mankhwala a Dithane masiku 14 aliwonse, ena masiku 7 aliwonse, chilichonse ndinachibwereza kanayi. Ntchito ya kumunda sinandivute, tinakulira momwemo. Polemba ndi pamene panali nkhani. Introduction yokha, mawu oyamba a lipoti aja, ndinalemba masamba asanu, kuyambira ku Ireland mu 1845 pamene matenda omwewa anaononga kachewere nkubweretsa njala imene inapha anthu pafupifupi miliyoni, kenako Phytophthora infestans, kachirombo koyambitsa matendawa, kenako mbiri yonse ya ulimi wa m'Malawi, mawu achizungu akuluakulu ndikuganiza kuti ndi mmene anthu ophunzira amalembera. Asupavaiza anga anawerenga mwakachetechete, nkusiya chiganizo chimodzi chokha cha Ireland chija, kwinako anadula. Kenako anatseka pepalalo amvekere, "Tandiuze ndi pakamwa, wapeza chiyani?" Ndinayankhula mwina mphindi zitatu koma yankho osatuluka. Sanandikalipire, anangoti pita ukabwere ukakhala ndi chiganizo chimodzi.

Nde ndinabwera kumudzi mtima uli pansi. Madzulo ake tili m'khitchini kuotha moto, amayi akusankha mbewu ya kachewere pa chiguduli, yophuka uku yoola uko, anandifunsa kuti kodi zija umayeza kwa amalume ako zinatha bwanji. Tsono kwa amayi sungabisale kumbuyo kwa chizungu eti. Ndinayenera kunena m'Chichewa, ndipo ndinangomva ndanena kuti mapuloti opopera sabata iliyonse anadwala mochedwa ndipo anatulutsa kachewere wambiri kuposa osapopera, koma pakati pa masiku 7 ndi 14 kusiyana kwake kunali kochepa. Basi. Chiganizo chimene ndinachisowa mu ofesi chija chinatulukira pamoto, ndinathamanga kukachilemba kuseri kwa kope ndisanachiiwale.

Koma amayi sanathere pomwepo. Osakweza nkomwe mutu anati, "Unkapopera nthawi yanji, mame atauma kapena? Nanga mvula ikagwa utangopopera unkabwereza?" Kenako, "Mbewu yake inali Rosita kapena Violet?" Kenakonso, "Ndime zakumunsi zija kufupi ndi dambo ndiye zimayamba kudwala chaka chilichonse, unaziwerengera limodzi?" Mnzanga ndinangoti kakasi, chifukwa zonsezi ndinkazidziwa m'mutu koma mu Methods, gawo lofotokoza mmene ndinagwirira ntchitoyo, munalibe ngakhale chimodzi. Apa mpamene ndinamvetsa zimene ankatiuza m'kalasi kuti gawo limenelija ulilembe moti munthu wa ku Tsangano amene sanakuonepo atha kutenga pepala lako nkuchita ndendende zimene unachita iwe. Funso la dambo lija ndi lomwe limachititsa kuti tigawe munda m'mabuloko nkuchita maere kuti puloti iti ilandira chiyani, njira imene katswiri wa masamu Ronald Fisher anaikhazikitsa ku Rothamsted ku England m'zaka za m'ma 1920. Ine ndinaitsatira chifukwa buku linatero, amayi anaidziwa chifukwa alima malo amenewo zaka zonsezi, ndipo nditalemba chifukwa chake m'mawu anga gawo la Methods lija linakhala lomveka koyamba.

China chimene ndikufuna uchigwiritse ndi miyezo. Mu kope langa la kumunda masiku ena ndinkalemba "ndowa ziwiri". Iwe ukudziwa ndowa ya pa Lizulu, wina amadzaza mpaka kupanga kaphiri pamwamba wina amalekeza pamlomo, zonse nkumatchedwa ndowa. Mwayi wake pokolola ndinabwereka sikelo nkuyeza puloti iliyonse m'makilogalamu, nde zinatheka kusandutsa kukhala matani pa hekitala, poti hekitala ndi masikweya mita 10,000. Nambala iliyonse mu lipoti lako ikhale ndi muyezo wake pambali, ndipo gulafu iliyonse ulembe kuti mzere wogona ukuimira chiyani woima ukuimira chiyani, usaganize kuti wowerenga alota.

Polembanso kachiwiri sindinayambire kumayambiriro ayi. Ndinayamba ndi matebulo ndi magulafu, kenako Results, kungonena zimene ndinaona osaonjezera maganizo anga, kenako Methods. Maganizo anga onse, zoti mwina chifukwa chake ndi ichi, ndinazisungira Discussion, ndipo kumenekonso ndinaphunzira kulemba kuti izi ndi za munda umodzi nyengo imodzi, sindingaimirire nkunena kuti alimi onse a ku Dedza asinthe kapoperedwe. Zinandiwawa pang'ono kulemba choncho chifukwa umafuna ntchito yako ioneke yaikulu, koma ndi chilungamo, ndipo mankhwala ndi ndalama za anthu. Introduction ndi Abstract, chidule cha lipoti lonse, ndinalemba pomaliza penipeni. Introduction ija inatsika kufika tsamba limodzi ndi theka ndipo sinasowe kanthu. Asupavaiza anandionetsa pepala la Watson ndi Crick la 1953 m'magazini ya sayansi ya Nature lofotokoza mmene DNA inapangikira, ndi katsamba kamodzi ndi pang'ono chabe, ulifufuze uliwerenge.

Za kukopera ndikupempha ndithu, usatenge chiganizo cha munthu nkungosintha mawu awiri. Werenga, tseka pepalalo, lemba mmene wamvera, kenako tchula mwini wake. Ika Zotero pa laputopu yako lero lomwe, ndi yaulere, izikusungira mapepala onse amene wawerenga, ine ndinaidziwa mochedwa nditataya kale masiku ndikusakasaka kuti mfundo ina ndinaitenga kuti.

Tsiku loimirira kutsogolo anatipatsa mphindi 10. Ndinali ndi masilaidi 30 odzaza ndi mawu, ndinawadula mpaka 9, ambiri chithunzi chimodzi kapena gulafu imodzi. Silaidi yoyamba ndinaika masamba awiri a kachewere amene ndinajambula ndi foni, lina lobiriwira lina lamawanga akuda ndi tinkhungu toyera kunsi kwake, ndipo ndinaona anthu akuweramira kutsogolo kuti aone bwino. Ndinayeserera kasanu pakhonde, mlongo wanga wamng'ono atagwira foni kuwerenga nthawi, ndipo paliponse pamene iye anati sindinamve ndinakonzapo. Miyendo inanjenjemerabe, sindikunamiza, mawu oyamba anatuluka mokakamira. Koma poti chiganizo changa chija ndinkachidziwa ngati dzina langa, ndinali ndi pogwira. Bambo wina wa pa panelo anafunsa ngati kupopera pafupipafupi kumabweza ndalama zake, ndinayankha kuti zimenezo sindinawerengere, ndinayeza matenda ndi zokolola zokha, koma ndi zimene ndikufuna kuchita kenako. Anagwedeza mutu nkulemba, zinathera pomwepo, ndipo funso lakelo mpaka pano likundizungulira m'mutu moti ndayamba kufunsa amalume mitengo ya chaka chatha.

Nde chita chonchi, tenga lipoti lofiira lija usalibise mu sutikesi, pita nalo kwa amene anachonga ukawafunse chizindikiro chilichonse kuti amatanthauza chiyani. Kenako Loweruka undiimbire, undiuze m'Chichewa zimene munkayeza mu labumo ndi zimene zinatuluka, ine ndizikufunsa ngati amayi. Netiweki imagwira bwino ndikakwera kumsewu, nde tipangane 4 koloko kusanayambe kuzizira kwambiri. Utumizenso lipotilo pa WhatsApp ndiliwerenge tisanayankhule.

Amalume akuti ukadzabwera pa Khirisimasi udzadutse kwawo, akusungira nkhuku.

Ndine mnzako wa ku Bembeke.