Ndalama za Mtukula Pakhomo za amayi zikuthera mmanja mwa achimwene

Zikomo Anankungwi,

Ndikulemba usiku uno tulo tasowa, chonde dzina langa musaike. Amayi anga ali kumudzi ku Mchinji, akusunga ana atatu a malemu mchemwali wanga. Ine ndili ku Lilongwe ndimagulitsa kaunjika, nane ndili ndi ana anga komanso zina za m'banja mwanga zoti sindingalembe pano.

Amayi atalowa mu Mtukula Pakhomo pakhomo panasintha ndithu, ndinaona ndi maso angawa. Akalandira ankathamangira kugula chimanga chisanakwere, nyemba, mchere, sopo, kotsalako nkuponya ku banki mkhonde mpaka anagula nkhuku ndi kambuzi. Ana ankamwa phala asanapite kusukulu, ndipo dzinja limenelo amayi sanapite kuganyu kukapalira minda ya eni wawo uli thengo.

Zinasokonekera ndalama zitayamba kubwera pafoni. Amayi sadziwa kuwerenga nde simu ndi pini akusunga ndi achimwene, ndi omwe amakatapa kwa ajenti. Akamabwerako amangonyamula ndowa imodzi ya chimanga ndi kabonya, eti zina zapita ku thiransipoti ndi feteleza. Feteleza wake uti poti chimanga cha amayi chinachita chikasu munda onse? Koma alamu chitenje chatsopano, ngakhale poto amene ndinawagulira amayi pa Khirisimasi, wamkulu wazigwiriro ziwiri, ndinakamupeza kwa alamuwo akuphikira nkhwani, osachita nazo manyazi nkomwe, mpaka kundipatsa moni akutakasa.

Dzana mwana wamkulu uja wandiimbira pafoni ya aneba akulira, akuti akudya kamodzi madzulo okha, nthawi zina phala la gaga, mbuzi ija inagulitsidwa kalekale. Amayi ndikawafunsa amangoti tili bwino mwana wanga, usayambitse nkhani, ameneyo ndi mwini mbumba. Mwini mbumba wodya za ana amasiye?

Achimwene akuti ine ndilibe pakamwa poti ndinasiya kutumiza. Sindinasiye, ndinachepetsa, chigwereni kwacha mu 2023 belo inakwera, lendi, fizi, komanso ndinkadziwa kuti amayi akulandira nde ndinalakwa pati? Iwo ali pompo, nyumba zoyang'anizana, amamva ana akugona ndi njala. Mchemwali wanga akumwalira anandigwira dzanja kuti ndiziwaona anawa, ndi zomwe zikundidya mumtima.

Nde ndithandizeni Anankungwi. Ndikakanena kukomiti ya mmudzi kapena kwa amfumu, amayi sangawachotse mu pulogalamu? Nanga ndikalanda simu ija atapire ndani poti ine ndili kutali? Ndaganizapo zowatenga ana kubwera nawo kuno koma nyumba yanga ndi yachipinda chimodzi, komanso amayi atsala ndi ndani. Ndipo amayiwo bwanji akumuikira kumbuyo mwana wawo wamwamuna zidzukulu zikuwonda, akuopa kapena ine ndi amene sakundikhulupirira?

Ine wosweka mtima,
Lilongwe